Ndimameta Dazi Labodza Kuti Ndifanane ndi Bambo Anga

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa nthawi yaitali, kumaseka anzanga amene amakulemberani za zibwenzi, osadziwa kuti tsiku lina nanenso ndidzagwada pakhomo panu ndi nkhani yochititsa manyazi kuposa zawozo. Mundikhululukire Chichewa changa. Ndine wa ku Mzimba, mukapeza Chitumbuka chalowerera mungochilumpha.

Vuto langa ndi tsitsi. Musafulumire kunditumizira dzina la mankhwala omeretsa, chifukwa langali silikuthothoka ayi. Vuto lake ndi lomwelo, likukana kuthothoka.

Ndili ndi zaka 36, ndimagulitsa mankhwala a ziweto m'shopu ina pa boma pano, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Kwathu ndi mudzi wina kufupi ndi Edingeni. Dzina la mudziwo sinditchula, ngakhale ndikudziwa kuti wa kumeneko aliyense akangoona mawu oti dazi adziwa kale khomo lake. Banja lathu limadziwika ndi dazi, kwathu timati chipala. Agogo aamuna anali nalo, adada, bambo anga, anali nalo, abale awo onse a adada ali nalo. Pamaliro kapena paukwati amuna a pakhomo pathu akavula zipewa kuti tipemphere, anthu okhala kumbuyo amatsinzina abusa asananene n'komwe kuti titseke maso. Ife sitichita nalo manyazi, timalinyadira. Adada ankakonda kunena kuti mwamuna wa pakhomo pathu safunika chiphaso, amangovula chipewa basi.

Ine ndine woyamba kubadwa, ndipo ndili ndi ang'ono anga awiri, Goodluck ndi Brave. Goodluck dazi linamuyamba asanakwatire. Brave, mwana wa dzulodzuloli amene ndinkamubereka kumbuyo, mphumi yake yafika kale pakati pa mutu. Koma ine, Aphungu, mutu uli bii, tsitsi lothithikana loti chipeso chimathyoka mano.

Adada ali moyo nkhaniyi inali nthabwala chabe. Ankandigwira mutu n'kunena kuti langa likubwera pa basi ya mawa, tonse n'kuseka. Chaka chatha adada anatisiya. Titaika maliro tonse tinameta mpala monga mwa mwambo, ndipo kwa milungu ingapo ndinafanana ndi abale anga koyamba chibadwire. Kenako tsitsi linayamba kumera. Kwa anzangawo linamera m'mbali mokha, pamwamba pali mbee. Kwa ine linamera paliponse, mwachangu, ngati lathiridwa feteleza. Mwina kale anthu sankaonetsetsa, koma ulendo uno tinayambira pamodzi, ndiye kusiyana kwake kunaonekera poyera.

Apa mpamene ankhazi anga a Phoebe, mlongo wawo wa adada, anapezerapo poyambira. Tinakumana pabanja kukambirana za kumanga chiliza. Mkati mwa zokambirana anandiyang'ana m'mutu kwa nthawi, n'kunena kuti, "Chipala cha adada ako chikuchedwa chomene, mwana. Kapena chinasochera pa msewu wa ku Joni?"

Kuti mumvetse, adada anagwira ntchito ku Joni zaka zambiri monga amachitira amuna ambiri a kuno, ndipo kunyumba ankabwera pa Khirisimasi. Ine ndinabadwa m'zaka zomwezo. Amama, dzina lawo NyaZiba, kwawo ndi ku Champhira, ndipo anabwera pakhomo pathu ng'ombe za lobola zonse zitaperekedwa, koma ankhazi sanawakondepo. Ndamva tsopano kuti kuyambira kale ankawerenga miyezi ndi zala kuseri. Adada ali moyo ankhaziwo ankaopa kutulutsa mawu. Tsiku limenelo anawatulutsa, ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Amama anali pomwepo kumbali ya amayi akusankha nyemba, ndipo sanadzutse mutu. Ine ndi ang'ono anga sitinawatsutse ankhaziwo.

Nkhani inayenda. Inafika kudibi, inafika kuchigayo, inafika mpaka kukwaya. Wina anafunsa mnzake, ine ndikumva, kuti patsiku lovundukula chiliza woyankhula m'malo mwa ana adzakhala uti, wamkulu kapena wofanana ndi malemu.

Ndiye ndinapita kwa Hemedi, amene amameta anthu pamsika wa pa boma. Ndinadikira makasitomala onse atuluke, n'kumuuza kuti andimete dazi. Iye anatenga makina kuti ayambe mpala. Ndinati ayi, dazi, pamwamba pokha, m'mbali musiye. Hemedi anaseka mpaka anakhala pansi. Akuti, "Achimwene, anthu amabwera muno kuti ndiwabisire, inu mukufuna ndikupangireni?" Atatha kuseka anatenga kambale koikapo kapu yake ya tiyi, anakavindikira paliwombo panga, anazunguliza ndi makina, kenako anapala ndi lezala. Anatsegulanso makona awiri pamphumi, n'kudzoza mafuta kuti pawale. Kunena zoona ntchito anaigwira. Nditayang'ana pagalasi ndinaona adada, ndipo misozi inalengeza.

Kuipa kwake dazi lopanga silikhalitsa. Pakangopita masiku ochepa payamba kuda, ndiye ndimavala chipewa mpaka ndipitenso kwa Hemedi. Mlungu ndi mlungu ndakhala ndikuchita zimenezi, moti pano patuluka totupa toyabwa. Mkazi wanga Charlotte anandiuza mosabisa kuti, "Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa tsitsi, mbwenu lero ndikudzuka ndi kambale pa pilo. Wina akandifunsa, ine sindinama." Ndinamuuza kuti ndikuchitira amama, iye anangopukusa mutu.

Ndipo zinatheka, Aphungu. Ankhazi anabwera kushopu kudzagula mankhwala a nkhupakupa, ine n'kuvula chipewa powapatsa moni. Anaima, anayang'ana, anazungulira kumbuyo kwanga. "Yewo, chafika," anatero. "Magazi sanama nadi." Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa NyaZiba wayamba chipala. Ndinagona mokondwa tsiku limenelo, ndikuti ndayeretsa dzina la amama.

Mwezi watha ndinapita kumudzi kukasiya simenti ya chiliza. Mlungu umenewo Hemedi anali atapita ku ukwati kwawo, ndiye sindinapale. Amama anali atamva za dazi langa kwa anthu. Anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene ankayanika ufa, anandiuza kuti ndikhale pamphasa ndivule chipewa. Anaika dzanja pamutu panga monga ankachitira ndili mwana. Dzanjalo linapita kutsogolo, kenako linabwerera mmbuyo, ndipo ndinamva ndekha tsitsi likukanda chikhatho chawo. Kenako anati, "Ankhazi ako andinena zaka zonsezi, ine sindinalirepo, chifukwa ndinkati ana anga akundidziwa. Lero mwana wanga wandinena ndi lezala."

Anaimirira n'kupitiriza kutakasa ufa wawo. Kuyambira tsiku limenelo amandipatsa moni waulemu ngati wa mlendo wodutsa. Ndikaimba foni amapatsira mkazi wa Brave. Auza Goodluck kuti akangomaliza kukolola abwerera ku Champhira kwa mlongo wawo, amalume anga, asibweni a Stewart, ndipo za chiliza sadikira. Aphungu, amama akhala pamudzi paja kuyambira ine ndisanabadwe. Manda a mwamuna wawo ali pomwepo, mitengo ya mango yonse pakhomo anabzala okha. Akachoka, ndiye kuti ndawathamangitsa ndine.

Mtima ukundiwawa ndipo ndili ndi mantha. Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti sindikudziwanso ngati ndinkawateteza kapena nanenso ndinayamba kukayika.

Ndithandizeni. Kodi n'zotheka mwana wa munthu wadazi, mdzukulu wa munthu wadazi, kukhala ndi tsitsi lonse pa msinkhu wangawu? Kodi pali njira yodziwira ngati lidzabwere, nanga liti? Ngati alipo mankhwala ofulumizitsa, musandibisire. Ndipo amama ndiwatani?

Z.M., Mzimba

Zikomo a Z.M.,

Chikhalireni pa mpando uno ndalandira makalata a amuna amene apaka m'mutu anyezi, mafuta a nsatsi, ndowe, ngakhale mankhwala otsukira mano, onse akufuna tsitsi libwerere. Inu ndinu woyamba kupita nokha, ndi miyendo yanu, kukapempha kuti akulandeni. Ndaseka kalata yanu mpaka anzanga muofesi muno abwera kudzaona. Nditafika pa dzanja la amayi anu ndasiya kuseka, ndipo ndikukhulupirira kuti nanunso pamenepo mpamene munasiyira.

Ndiyambe ndi kukuuzani amene akukuyankhani. Ine ndili ndi dazi loti ntchentche ikatera imaterereka. Linandiyamba ndisanafike zaka makumi atatu. Bambo anga anamwalira ali nkhalamba, tsitsi lili lonse, loyera, lofuna chipeso. Tikatsatira sayansi ya ankhazi anu, ndiye kuti nanenso ndipite kumanda ndikawafunse mayi anga kuti ankayenda kuti. Sindipita, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwandionetsa mutu wa agogo anu, wa bambo anu, wa abale awo, wa Goodluck, wa Brave. Mitu yonseyo ndi ya khomo limodzi. Wa ku Champhira simunandionetse ndi umodzi womwe. Bambo awo a mayi anu anali ndi mutu wotani? Nanga asibweni anu a Stewart, amene mwawatchula dzina, pansi pa chipewa chawo pali chiyani? Simunanene, ndipo ndikukayika ngati munayamba mwayang'anapo. Apa mpamene pagona kulakwitsa kwa mudzi wanu wonse. Kwanuko ng'ombe zikapita, mwana amakhala wa kuchimuna, dzina ndi la kuchimuna, munda ndi manda ndi za kuchimuna. Ndi mwambo wanu, sindikuunyoza. Koma mwazolowera kuwerenga mbali imodzi mpaka mwayamba kuganiza kuti thupi nalo limamvera lobola. Ng'ombe zinasamutsa dzina lanu, sizinachotse magazi a NyaZiba m'thupi mwanu. Theka la zimene muli linachokera ku Champhira. Musadandaule, ifenso kwathu ku Dedza timawerenga kuchikazi kokha n'kulakwitsa chimodzimodzi.

Dazi la amuna ndi la kumtundu ndithu, pamenepo ankhazi anu sananame. Koma silichita kuperekedwa lathunthu kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana monga amaperekera jekete. Mwana akamapangika amalandira timbewu ta chibadwa tambirimbiri, theka kwa bambo, theka kwa mayi. Timene timakhudza dazi si kamodzi kapena tiwiri, ofufuza apeza mazanamazana, kalikonse kakukankhira pang'ono uku kapena uko. Mwamuna aliyense ali ndi mahomoni achimuna m'magazi. Chimene chimasiyana ndi mizu ya tsitsi. Ena mizu yawo ya pamphumi ndi paliwombo imagonja msanga ikakumana ndi mahomoniwo, tsitsi limayamba kumera lopyapyala, lalifupi, mpaka kusiyiratu. Ena mizu yawo ndi yosamva, imangopitiriza ntchito. Choncho amene amati wadazi ndi mwamuna kuposa anzake akungodzitonthoza, ndipo ndikunena izi ndili mmodzi wa iwo.

Tsopano mumvetsere bwino. Mwa timbewu tonseto, kamene kali ndi mphamvu zambiri pakokha kamakhala m'kamtolo kamene madokotala amakatcha X. Mwana wamwamuna kamtolo kameneka salandira kwa bambo ake, amalandira kwa mayi ake basi. Mayi ali nato tiwiri, kena kochokera kwa bambo awo, kena kwa mayi awo, ndipo mwana aliyense amamupatsa kosakaniza mwa mtundu wakewake. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi amatha kusiyana mitu. Timbewu ta kwa bambo natonso mwana aliyense amatapa theka lake losiyana ndi la mbale wake. Goodluck ndi Brave anatapa kwambiri kumene kuli dazi. Inu zikuoneka kuti munatapa kwina. Nkhani yonse ndi imeneyi, mulibe Joni, mulibe Khirisimasi.

Ndipo inu zimenezi mukuzidziwa kale, kungoti mumazidziwira kukhola. Mumagulitsa mankhwala a ziweto. Nkhunzi imodzi, ng'ombe yaikazi imodzi, chaka chino mwana wakuda, chaka chamawa wamathothomathotho. Munayamba mwaonapo ankhazi anu atapita kukhola kukaifunsa ng'ombeyo kuti inagona kuti? Ng'ombe mumaipatsa ulemu umene mwawamana mayi anu.

Funso lanu loti lidzabwera kapena ayi, palibe angakupatseni tsiku, kaya dokotala kaya sing'anga. Chimene chilipo ndi kuyerekeza. Kukhala ndi bambo wadazi kumakweza mpata ndithu, mwina kuwirikiza poyerekeza ndi mnzanu amene bambo ake alibe, ndipo ang'ono anu awiri akuonetsa kuti pakhomo panu timbewuto tilipo tambiri. Koma kukwera kwa mpata si chigamulo. Mukapita ku Champhira yang'anani asibweni anu, funsani za agogo anu akuchikazi ndi abale awo. Mukapeza kumeneko kuli matsitsi mpaka ku ukalamba, mpata wanu ukutsikirako. Mukapeza nakonso kukuwala, konzekani. China ndi msinkhu. Dazi lamphamvu limakonda kuyamba msanga, monga lachitira kwa Brave. Kufika zaka 36 popanda chizindikiro kukusonyeza kuti ngati lidzabwere, mwina lidzabwera mochedwa ndiponso mwaulesi. Kafukufuku wambiri, amene anachitika makamaka kwa azungu, amati pofika zaka makumi asanu pafupifupi theka la amuna limakhala litayamba kuyera penapake. Ndiye simunapulumuke, koma simunagwidwenso.

Ngati mukufuna kulilondalonda, njira yake ndi yosavuta. Charlotte azikujambulani ndi foni pamphumi ndi paliwombo kamodzi pa miyezi ingapo, pamalo owala, tsitsi lili pa msinkhu wofanana. Dazi lenileni limayamba mwakachetechete. Makona a pamphumi amabwerera mmbuyo, paliwombo tsitsi limapyapyala, khungu n'kumaonekera pang'onopang'ono. Silibwera Loweruka limodzi, ndipo silikhala ndi malire ozungulira bwino ngati ajambula ndi kambale. Mukadzaona tsitsi likuchoka m'zigambazigamba, poyabwa kapena pofundula, limenelo si dazi la kumtundu, pitani kuchipatala.

Mankhwala ofulumizitsa kulibe, ndipo wina akakuuzani kuti ali nawo muthaweni, akuwotchani khungu. Lezala nalo silibweretsa dazi ngakhale mupale mpaka Yesu adzabwere, chifukwa limadula pamwamba, muzu uli pansi. Chimene mwapindula ndi totupa tomweto. Tisiyeni tipole, musatikande, ndipo tikayamba mafinya kaonetseni kuchipatala.

Tibwere ku nkhani yeniyeni, chifukwa kalata yanuyi si ya tsitsi. Mwafunsa ngati munkawateteza mayi anu kapena munkakayika. Ine mumtima mwanu sindingalowemo, koma ndikuuzani mmene zinaonekera kwa iwo. Ankhazi anati mwana wopanda dazi si wa malemu. Yankho loteteza mayi linali loti, "Limenelo ndi bodza, ndipo musadzalinenenso." Inu simunatsutse lamulo la ankhazi. Munalivomera, kenako munakapanga umboni wabodza kuti mupambane mlandu. Munthu amapanga umboni wabodza akamaopa kuti weniweni umugwetsa. Izi n'zimene chikhatho cha mayi anu chinawerenga pamutu panu paja, ndipo sanawerenge molakwa kwenikweni.

Ndiye chitani izi. Kwa Hemedi pitani komaliza, akakumeteni mpala mutu wonse ndi makina, osati lezala, kuti tsitsi limere lofanana. Chipewa chipachikeni. Kenako kwerani galimoto mupite kumudzi kukolola kusanathe. Osati foni, osati kutuma Goodluck. Mukafika musayambe ndi sukulu imene ndakuphunzitsaniyi, mayi anu safunika kamtolo ka X kuti adziwe bambo wa mwana wawo, analipo. Musanenenso kuti "ndinkachitira inu," mawu amenewo ndi tsabola pachilonda. Khalani pansi munene zoona zake: kuti tsiku lija ankhazi atayankhula munachita mantha, munakhala chete pamene munayenera kuyankhula, ndipo munawachititsa manyazi. Akakufunsani ngati munakayika, musalumbire zabodza, bodza limodzi lakwana. Ngati mwambo wakwanu umafuna nkhuku ya chipepeso, nyamulani, koma nkhuku siyankhula, pakamwa mpanu. Akakana kukumverani, pitani nokha kwa asibweni anu mukadzinenere mlandu musanakanenedwe, muwapemphe akuperekezeni.

Mukatero, khalani pansi ndi Goodluck ndi Brave. Awiriwa dazi lisawapusitse kuti nkhaniyi siikuwakhudza, wonyozedwayo ndi mayi wawonso, ndipo tsiku lija nawonso anakhala chete. Mugwirizane mawu amodzi. Chipongwe chinachitikira pagulu, ndiye chikonzedwenso pagulu, pa msonkhano wa banja, chiliza chisanavundukulidwe. Ndikudziwa kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ankhazi ndi ankhazi, simungawatukwane. Simufunikanso kutero. Imirirani mutu uli pamtunda, munene kuti dazi lija linali la kwa ometa, munalipanga chifukwa cha mawu amene ananenedwa pakhomo pano, ndipo mukuchita nazo manyazi. Anthu aseka, asekeni nawo, mwaziyamba dala. Akatha kuseka munene kuti amene ali ndi mlandu ndi NyaZiba aunene pomwepo pamaso pa ana ake atatu, apo ayi nkhaniyi ithere pomwepo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinu woyamba kubadwa. Ankhazi amene anazungulira mutu wometedwa ndi kambale n'kulengeza kuti magazi sanama sadzakhalanso ndi mphamvu zambiri zoyezera ana a anthu ndi maso.

Wina pamenepo akhoza kudzakuthandizani molakwika, kunena kuti mwana ndi wa amene anapereka ng'ombe, zilibe kanthu kuti anachokera kuti. Musavomere thandizo limenelo. Likuteteza malo anu, koma mayi anu likuwasiya m'matope momwemo. Wina adzatchula zokayezetsa magazi. Kuyeza kotsimikizira ubale kulipo, ndipo ndi kokhako kumene kungayankhe funso lotere, osati tsitsi, mphuno kapena kayendedwe. Koma dzifunseni kuti wodandaula ndani. Munthu mmodzi yekha amene anali ndi ufulu wofunsa anakulerani, anakugwirani mutu akuseka, ndipo anapita osafunsa.

Ndisakunamizeni kuti mukachita zonsezi amayi amasula katundu tsiku lomwelo. Apirira zaka zoposa makumi atatu, akhoza kufuna kukapuma kwawo, ndipo ndi ufulu wawo. Akatero musawatsekereze ndi misozi kapena ndi abusa. Anyamulireni katundu, muwaperekeze mpaka ku Champhira, muzikawaona, tsitsi lili poyera. Ntchito yanu si kuwakakamiza kukhala, ndi kuonetsetsa kuti akachoka asachoke ngati wolakwa, ndipo akafuna kubwerera apeze pakhomo pali pawo.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili, ndipo mulisunge chifukwa mwina mudzalifuna patapita zaka. N'kutheka ndithu kuti tsiku lina, muli ndi zaka makumi anayi ndi zisanu kapena makumi asanu, Charlotte adzakuuzani kuti paliwombo payamba kuoneka khungu, lenileni tsopano. Tsiku limenelo mtima udzafuna kudumpha. Mudzafuna kukwera njinga kukaonetsa mudzi wonse, kapena kuthamangira kwa mayi anu muli mwee kuti, "Amama, taonani, labwera." Musadzayerekeze. Mukadzasangalala pamaso pawo, adzadziwa kuti zaka zonsezo, ngakhale munapepesa, munali mukudikirabe chigamulo. Akhulupirireni panopa, mutu udakali wakuda, pamene mulibe umboni wina uliwonse koma mawu awo.

Aphungu